Nkhuku ya ulere imene inadya malata

Munthu wocokera ku Lusaka pa mseu waukulu wa kummwera, akapitirira Chilanga ndi kutsika mapiri, amafika m'tauni ya Kafue atayenda makilomita ngati 45. M'tauni imeneyi muli komboni ya Nangongwe, ndipo m'komboniyo mukhala mkulu wina amene anansi ao onse amangowacha "a Kalaliki", ngakhale kuti papita zaka zambiri cisiyire nchito ya ukalaliki. Kwao kweni-kweni ndi ku Katete. Anadza ku Kafue ali mnyamata, pa nthawi imene tauniyi inali kukula ndi mafakitale: ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inatsegulidwa m'caka ca 1970, ya nsalu ya Kafue Textiles, ndi ya zikopa ya Bata. M'imodzi mwa mafakitalewa ndimo anagwira nchito yolemba katundu wolowa ndi wotuluka, kufikira tsiku limene iwo ndi anzao ambiri anauzidwa kuti nchito yatha.

Nchito inatha, koma cizolowezi ca dzanja sicinathe. Kufikira lero a Kalaliki sayenda opanda kabuku m'thumba la jekete. Akagula makala amalemba. Akalandira lendi ya zipinda zitatu zimene anamanga kuseri kwa nyumba yao amalemba. Ngakhale ndalama ya m'mbale ya ku chalichi ili ndi mzere wace. Ndipo m'mabuku omwewo muli masamba ena amene kwa zaka zambiri sanafune kuti akazi ao awaone, masamba a maulendo ao a ku kasino.

Owerenga a kumudzi adziwa njuga ya makhadi, ija anyamata amachova kuseri kwa sitolo anthu akalandira ndalama za thonje kapena za fodya. Kasino ndi njuga yomweyo, koma yobvala jekete ndi tayi. Ndi nyumba yololedwa ndi Boma. M'kati mwace muli matebulo a makhadi, makina ambiri owala ndi kulira, ndi gudumu lozungulira lochedwa ruleti, limene amaponyamo kampira kakang'ono koyera, anthu nabecha pa nambala imene aganiza kuti kampirako kadzagwerapo. Ndalama zeni-zeni siziikidwa pa tebulo. Munthu amayamba wazisintha ndi tizindalama ta pulasitiki ta mitundu-mitundu, ndipo nzeru ya eni ace pamenepa njoonekeratu: dzanja limene linganjenjemere poponya K100 ya pepala silinjenjemera poponya kabatani kofiira.

A Kalaliki sanakule ndi njuga. Pa unyamata wao anali kugula tikiti ya Pick-a-Lot mwa kamodzi-kamodzi monga anzao onse a pa nchito, basi. Anayamba kulowa m'kasino m'caka ca 2014, ndalama zatsopano zija zocotsedwa maziro atatu zitatha kale caka cimodzi m'matumba a anthu. Amene anawatenga ndi bwenzi lao, mwini wa malole awiri onyamula mcenga, amene anali ndi cizolowezi copita ku Lusaka Ciweru comaliza ca mwezi uliwonse.

Cimene cinawagwira mtima tsiku loyambalo sicinali gudumu ai. Unali ulemu. Munthu amene kwa zaka zambiri anali kuimirira pa mizere ya m'maofesi kufunsa za ndalama zace za peneshoni, anaona mlonda wobvala yunifomu akumtsegulira citseko ndi kumucha "bwana". Kunja kunali kutentha kwa Okutobala, m'katimo munali mphepo yozizira ya makina. Asanakhale ndi pansi pomwe, mtsikana anadza kudzafunsa cimene akamwe, ndipo atapisa m'thumba kuti alipire, mtsikanayo anamwetulira nati, "Iai bwana, nzaulere." Pakati pa usiku kunadza mbale ya mpunga ndi nkhuku, nayonso yaulere. Mbandakuca kunadza tiyi wa mkaka. Ulendo waciwiri anawapatsa khadi lolembedwa dzina lao, nawauza kuti akamachova khadilo lizisonkhanitsa mapointi, ndi kuti mwezi uliwonse kuli maere a wailesi yakanema. Pa tsiku lokumbukira kubadwa kwao, limene ngakhale ana ao anali kuiwala, anawaimbira lamya kuti akatenge tizindalama ta mphatso. Panalibe wochi pa khoma, ndi zenera lomwe panalibe, koma zimenezo sanazione pa nthawiyo.

Pobwera kunyumba anali kusimba za nkhukuyo. Akazi ao, amene amagula nsomba kwa asodzi a pa mtsinje wa Kafue ndi kukagulitsa pa msika, anamvetsera miyezi ingapo osanena kanthu. Tsiku lina, ali cipalire mamba, anati, "Abambo, ine ndimaonana ndi asodzi tsiku ndi tsiku. Sindinamvepo msodzi akulipiritsa nsomba cifukwa ca nyongolotsi ya pa mbedza." A Kalaliki anaseka, nati amai sadziwa za m'tauni yaikulu.

Motero zinapita zaka zisanu ndi cimodzi. Ulendo uliwonse anali kulemba zimene ananyamula ndi zimene anabwera nazo, koma kalaliki yemweyu, amene ku fakitale sanali kuweruka asanawonkhetse masamu a tsikulo, sanawonkhetsepo masamba amenewa. Anali kukumbukira bwino lomwe usiku umene anabwera ndi K4,000 nagulira amai citenje ndi poto. Mausiku ena aja mtima unali kuwaphimba wokha.

Anawonkhetsa m'caka ca 2020. Mwezi wa Marichi caka cimeneco, matenda a Covid-19 atalowa m'dziko, mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Edgar Lungu, analamula kuti mabala, malo obvinira usiku, malo oonetsa mafilimu ndi makasino atsekedwe. Ciweru comaliza ca mwezi cinawapeza a Kalaliki ali pa khonde, alibe kopita. Anatulutsa mabuku onse, nanola pensulo. Maulendo anakwana 68. Atacotsa zonse zimene anapambana pa zimene anataya, panatsala dzenje la K29,400, osawerengera ndalama za basi. Anagawa ndalamazo ndi mbale 68 za nkhuku zimene anadya, ndipo anapeza kuti mbale iliyonse anaigula pa mtengo wopitirira K430. Anabwereza masamuwo kawiri, natseka buku, nalibisa pansi pa matiresi.

Munthu angayese kuti pamenepo analeka. Iai. Anadziuza kuti ndalamazo analipirira ulemu, mphepo yozizira ndi maceza, ndi kuti anzao ena amataya zoposa pamenepo ku mowa. Pa mau amenewa panali coonadi pang'ono, ndipo coonadi capang'ono ndico cimasunga munthu nthawi yaitali pa njira yolakwika.

Makasino atatsegulidwanso, a Kalaliki anapeza kuti zimene anali kunena kuti amalipirira zayamba kuzimirira, cimodzi-cimodzi, monga mbuzi za m'khola loboola. Poyamba tiyi wa mbandakuca analeka. Kenaka nkhuku inakhala ya okhawo a khadi lapamwamba, limene anali kulicha la golide. A khadi wamba anali kupatsidwa nsawawa za m'kambale. Zakumwa zinakhala zogula, kupatula kwa amene ali cichovere pa tebulo. Maere a mwezi anawasunthira ku 2 koloko ya usiku, ndipo amene dzina lace latuluka iye atapita kale, mphatso inali kumdutsa. Pa tebulo la gudumu, pamene kale K20 inali kuloledwa, usiku anafuna K50. Matebulo ena anacotsedwa, m'malo mwace naikapo magudumu a makina osafuna munthu woponya kampira. Mtsikana uja anali kudziwa kuti a Kalaliki samwa zozizira kwambiri cifukwa ca mano sanaonekenso, ndipo mnyamata watsopano wa pa khomo anawalonjera kuti, "Lowani mudala."

Liu limenelo linawapweteka kuposa K29,400 ija.

Sikuti eni kasino anasanduka oipa mtima mwadzidzidzi. Iwo ndi amalonda monga a sitolo, ndipo mphatso zija zinali pa masamu ao kuyambira pa ciyambi: munthu amene amataya mazana anai pa usiku umodzi ngoyenera kumphikira nkhuku kuti abwerenso. Zinthu zikakwera mtengo, misonkho ikaculuka, ndipo anthu ambiri akayamba kuchovera pa lamya m'malo mobwera ku nyumba ya njuga, mwini amayamba kuyesa kuti aone ngati nsomba ingalume mbedza ya nyongolotsi yocepa. Ikaluma, amacepetsanso. Ndipo si kuno kokha. Ku Las Vegas, mzinda wa ku America wochuka ndi njuga pa dziko lonse, makasino akulu-akulu a kampani ya MGM anayamba m'caka ca 2016 kulipiritsa alendo poimika galimoto, cinthu cimene kwa zaka zambiri cinali caulere, ndipo malo ambiri odyera mochipa, kumene munthu anali kudzipakulira yekha mpaka kukhuta, sanatsegulidwenso itapita miliri ya 2020.

A Kalaliki sanaganize motero. Iwo anaona ngati alandidwa ufumu, ndipo anafuna kuti ubwerere. Mwezi wa Okutobala 2022, mnyamata wa pa desiki la makhadi anayang'ana pa kompyuta nawauza kuti atsala pang'ono kufika pa khadi la golide, koma mapointiwo ayenera kukwana mwezi usanathe. M'nyumba mwao, pamwamba pa kabati, munali citini. Mwezi womwewo amai anali atalandira cilimba cao ca azimai a pa msika, K6,000, ndipo ndalamazo zinali kudikira Lolemba kuti akagule malata, pakuti denga la nyumba linali lobooka m'zipinda zitatu, mvula nayo inali pafupi. A Kalaliki anatenga ndalamazo Ciweru masana amai ali ku msika. Maganizo ao sanali oti azidye. Anafuna kungozidutsitsa pa tebulo kuti khadi liwerenge mapointi, nazibweza m'citini Sondo m'mawa.

Anali ndi nzeru imene bwenzi lao la malole linawaphunzitsa, nzeru yakale imene yagwetsa anthu ambiri m'maiko ambiri. Ubeche K50 pa zofiira. Ukaluza ubeche K100, ukaluzanso K200, kumangowirikiza, pakuti tsiku limene zofiira zidzatuluke udzabweza zonse ndi kupindula K50. Kufikira cakumadzulo kweni-kweni zinayenda monga ananenera. Itakwana 1 koloko ya usiku kampira kanagwera pa zakuda, kenaka pa zakuda, kenaka pa ziro wobiriwira, ndi pa zakuda kanai kotsatana. K50, K100, K200, K400, K800, K1,600, K3,200. Zonse pamodzi ndi K6,350, ndipo zinapita pa mphindi zosakwana 15. Iwo anaona ngati alodzedwa, koma masamu anena kuti kuluza kasanu ndi kawiri kotsatana kotere kumacitika kamodzi pa maulendo ngati 100, ndipo munthu wokhala pa gudumu usiku wonse amayamba maulendo oposa pamenepo. Gudumu silikumbukira kumene kampira kanagwera poyamba.

Ali cikhalire pa mpando, manja ali lende, mnyamata wa pa desiki anadza akumwetulira. Mapointi anakwana. Anawapatsa khadi la golide, nawacha "bwana", ndipo patapita kanthawi kunadza mbale ya mpunga ndi nkhuku. Cakudyaco cinakana kutsika. Anapempha kuti awakulungire m'pepala, nadikira kuti kuce, nakwera basi yoyamba ya ku Kafue ndi ndalama zimene zinatsalira m'thumba la malaya.

Anapeza amai atakhala pa mphasa, citini copanda kanthu ciri pambali pao. Sanalonjerane. A Kalaliki anaika phukusi lija pa tebulo pamodzi ndi khadi. Amai anamasula pepala, nayang'ana nthawi yaitali, nati, "Ndiye malata athu ndi awa, abambo?" Ananyamuka, natenthetsa nkhukuyo pa mbaula, nagawira adzukulu. Mvula itayamba mu Novembala, m'nyumba munali mabeseni ndi ndowa, ndipo usiku uliwonse wa mvula a Kalaliki anali kugona akumvetsera madontho.

Ambiri akadaitana ankhoswe kapena akulu a mpingo. Amai sanatero. Patapita sabata anati, "Abambo, ndidziwa kuti munalemba. Inu simungataye ndi singano yomwe osalemba. Bweretsani mabuku." Anakhala pa khonde awiriwo Sondo lonse masana, mkulu akuwerenga, mai akuwerengera pa zala monga acitira pa msika. Atafika pa mapeto amai sanalire. Anafunsa funso la munthu wamalonda: kodi mwini gudumu amadya zingati pa kwacha iliyonse?

Funso limenelo a Kalaliki anali asanadzifunsepo, cikhalireco yankho lace linali lolembedwa poyera pa tebulo limene anakhalapo zaka zisanu ndi zitatu. Gudumu liri ndi timaenje 37: manambala 1 mpaka 36, theka ofiira theka akuda, ndi ziro mmodzi wobiriwira. Munthu akabecha K1 pa nambala imodzi nalasa, amampatsa K35 pamodzi ndi K1 yace ija. Tsono wina ataika K1 pa kaenje kalikonse, waika K37, ndipo zivute zitani adzalandira K36. Kwacha imodzi yotsalayo ndiyo ya mwini nyumba. Pa K100 iliyonse yodutsa pa tebulo, iye amadya K2.70, kaya munthu abeche pa nambala, kaya pa mtundu, kaya awirikize, kaya apite kwa sing'anga. Aliponso magudumu a maziro awiri, a timaenje 38, amene amadya K5.26 pa K100, ndipo ku Las Vegas kuja anaturukira ndi a maziro atatu, odya K7.69. Malipiro a wolasa ndi K35 yomweyo pa onsewa.

"K2.70 yokha?" anafunsa amai. "Nanga zikwi zonsezi zinapita bwanji?"

Apa mpamene kalaliki wakale anaona cimene cinali kumdya. Mwini sadya pa ndalama imene munthu walowa nayo, koma pa ulendo uliwonse umene ndalamayo yadutsa pa tebulo. Gudumu loyendetsedwa ndi munthu limazungulira ngati ka 40 pa ola. A Kalaliki anali kumwaza tizindalama tokwana K100 pa kuzungulira kumodzi, kwa maola 6, kudikira nkhuku ya pakati pa usiku ndi tiyi wa mbandakuca. Ndiye kuti K1,000 imene analowa nayo inali kupita ndi kubwera mpaka kukwana K24,000 pa usiku umodzi, ndipo gawo la mwini pa ndalama yotere ndi pafupi-fupi K650. Nkhuku ija nchito yace inali kuwasunga pa mpando. Cimene kasino imagulitsa ndi nthawi, ndipo mtengo wa ola limodzi munthu amadziikira yekha ndi kukula kwa zimene abecha ndi liwiro limene abechera.

Amai sanawaletse kupita. Anati mwamuna woletsedwa amapita mobisa, ndipo wopita mobisa ndiye amatsegula zitini. Koma anaika mtengo. Pa lendi ya cipinda cimodzi amacotsapo K300 mwezi uliwonse naika mu envulopu, ndipo zimenezo ndizo za ku Lusaka. Khadi la ku banki ndi lamya imene muli ndalama zimatsala m'kabati, kiyi ali pa cingwe ca m'khosi mwa amai. Ndalama ya basi yobwerera amaiika padera m'thumba la wochi. Zina zonse a Kalaliki anakonza okha, ndipo anazikonza ndi cimwemwe ca munthu amene wapatsidwanso nchito ya masamu.

Analeka kupita Ciweru usiku. Amapita pakati pa sabata masana, pamene anthu ali ocepa ndipo tebulo limalola K20. Amadya nsima kunyumba asananyamuke, kuti njala isawapangitse kudikira za munthu wina. Asanakhale pansi amayamba ayang'ana gudumu kuti aone ngati ziro ali mmodzi, ndipo amasankha la munthu woponya ndi dzanja, cifukwa la makina limathamanga, silidikira kuti anthu asinthe ndalama kapena atsutsane. Amabecha kabatani kamodzi, ndipo kuzungulira kwina amangopenyerera ndi kuceza ndi nkhalamba zinzao ziwiri zimene zimabwera nthawi yomweyo. Mwa njira imeneyi K400 yokha ndiyo imadutsa pa tebulo pa ola, ndipo gawo la mwini ndi K11. Amaseka akamanena kuti tsopano kondakitala wa basi amawadyera zambiri kuposa mwini kasino. Ikakwana 4 koloko amanyamuka, kaya zikuyenda kaya zikukana. Envulopu ikatha msanga, monga imacitira masiku ena pa ola loyamba lomwe, amatuluka kukayenda m'masitolo mpaka nthawi ya basi. Tsiku limene apambana, zopitirira K300 zimalowa m'citini.

Za mapointi analekeratu kufunsa. Mnyamata wa pa desiki akawauza kuti atsala pang'ono kufika pa mphatso yakuti-yakuti, amayamba afunsa kuti ayenera kudutsitsa zingati pa tebulo kuti aipeze, nagawa ndi 37, nayerekeza ndi mtengo wa cinthuco m'sitolo. Sanapezepo mphatso yochipa kuposa ya m'sitolo. Madzi akumwa akawapatsa amalandira ndi manja awiri, akapanda kuwapatsa sadandaula, pakuti botolo lao liri m'cikwama.

Owerenga asamve molakwa. A Kalaliki sanapeze njira yopambanira, cifukwa njira yotero kulibe. Buku lao la zaka zitatu zapitazi lionetsabe kutaya, kungoti dzenje la caka conse tsopano ndi locepa kuposa la miyezi iwiri ya kale. Ndiponso makonzedwe aowa aimirira pa cingwe cija ca m'khosi mwa amai. Bwenzi lao la malole linalibe womsungira kiyi, ndipo linali la mtundu wa anthu amene akayamba sangathe kuima. Malole onse awiri anagulitsidwa, ndipo lero limayendetsa lole ya munthu wina. Kwa munthu wotere mtengo wabwino wa kasino ndi kusapondako konse, ndipo a Kalaliki, amene kale anali kumtsata pambuyo, samuuza tsiku limene apita.

Cimene cimawasowetsa tulo masiku ano ciri pafupi ndi khomo lao. Njuga siifunanso kuti munthu akwere basi. M'timabala ndi m'tuntemba ta m'makomboni muli makina aja anthu amati bonanza, omeza makobiri, ndipo makhonsolo, monga ya Lusaka, akhala akulanda makina otere opezeka opanda cilolezo kapena pamene ana amafikapo. Pa bonanza palibe mlonda wonena kuti bwana, palibe mpando, palibe ndi madzi omwe, ndipo gawo la mwini silinalembedwe paliponse pamene munthu angaliwerenge monga amawerengera timaenje ta gudumu. M'caka ca 2024, cilala citaphwetsa madzi a ku Kariba magetsi nakhala akuzima pafupi-fupi tsiku lonse, a Kalaliki anali kuona nyumba zonse ziri mu mdima, koma pa kabala ka pa ngodya jenereta ikulira, makina akuwala, anyamata ataunjikana.

Mmodzi wa anyamatawo ndi mdzukulu wao wamkulu, wa zaka 20, amene amagwira maganyu osenza katundu. Iye anapitirira pa bonanza, amachovera pa lamya masewera a kandege kamene kamakwera kumwamba ndi ndalama ya munthu, kenaka nkuzimirira mwadzidzidzi. Ndalama zimene anasunga kuti akaphunzire kuyendetsa galimoto zinakwera kandege komweko. Madzulo ena a Kalaliki anamuitana, namkhazika pa khonde pomwe paja, nabvula wochi.

"Chova ndione, iwe. Ine ndiziwerenga."

"Ambuya, izi nzocepa. Ndimaika K5 cabe, si za mazana ngati zanu zija."

Pa mphindi 10 kandege kanauluka kopitirira ka 20. A Kalaliki analemba, namuonetsa kuti pa liwiro limenelo K5 yaceyo imadutsa kuposa ka 120 pa ola, ndiko kuti K600, kuposa imene iwo amadutsitsa pa gudumu la ku Lusaka. Ndipo lamya siitseka 4 koloko, imagona naye pa mphasa. Anamkumbutsanso kuti m'caka ca 2025 Boma linaika msonkho wa K10 pa K100 iliyonse yobechera, nkhani imene makampani ena a njuga anapita nayo ku khoti, ndi kuti pamene pali msonkho wotere ndalama imayamba kucepa kandege kasananyamuke. Mnyamatayo anaseka, nati ambuya ndi a masiku a Pick-a-Lot. Sanaleke. Koma patapita masabata awiri anadza kudzapempha kabuku kamene kanali ndi masamba otsala, ndi pensulo. Cimene amalembamo sanaonetse munthu, ndipo a Kalaliki, amene anabisa lao zaka zisanu ndi zitatu, sanamkakamize.

Malata anagulidwa pang'ono-pang'ono. Zipinda ziwiri zinafoleredwa, cacitatu cikali kudontha pa ngodya ya kumvuma, ndipo ndowa yace imakhala pomwepo. Lacitatu lina la mwezi wathawu a Kalaliki anatsika basi dzuwa liri kulowa, atanyamula buledi, nayenda pang'ono-pang'ono kulowa m'Nangongwe. Anabweza envulopu kwa amai muli K140, nakhala pansi, nalemba: K160 gudumu, maola atatu, basi, buledi. Amai anawerenga ndalamazo kawiri, naziika m'citini, nabwerera ku beseni la nsomba za mawa. Mpeni wao wopalira mamba unathyoka caka catha, ndipo kuyambira pamenepo amapalira ndi khadi lija la golide, limene amati silicita dzimbiri.